Mwana Wathu Wayankhulira Boma

Kapata, Chipata
12 Meyi 2025

Wokondedwa mlongo wanga Yosefina,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Chipangaliko, iweyo, alamu anga a Matiyasi, ndi ana. Kuno tilipo. Mwana wako Loveness anafika bwino ndipo sukulu tatsegula. Uleke kudandaula kuti waonda. Mwanayu amadya ngati wochokera kuganyu, moti alamu ako ayamba kubisa ndiwo za mawa.

Kalatayi ndapatsira Jairos wa lole ya mtedza, chifukwa foni yanuyo ndatopa nayo. Kuti munthu ayankhule ndi mlongo wake, mpaka mlongoyo akakwere pachulu cha pagolosale kukasaka netiweki, mudzi wonse uli tcheru. Zina n'zosanenera pachulu.

Nkhani ndi iyi. Ukudziwa kuti pasukulu pano ndimaphunzitsa Siviki, phunziro la za boma ndi ufulu wa anthu, ndipo ndine ndimayang'anira kagulu ka mtsutso, kamene anawa amati dibeti. Loveness analowamo chaka chatha ali wamanyazi ngati mkamwini watsopano. Lero ukamumva! Akayamba kuyala mfundo, anyamata a giredi thwelofu amangokanda m'mutu. Nzeru zimenezi n'zakuchimuna kapena n'zakwathu, tidzakangana tsiku lina, koma ine yankho ndikulidziwa.

Loweruka pa 24 mwezi uno, masana, tikupikisana ndi sukulu ina pawailesi yathu ya kuno. Ena amafuna Chingerezi, ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati makolo amene amagula mayunifomu ayenera kumva ana awo m'Chinyanja. Mutu wake ndi wa ufulu wosonkhana ndi mphamvu za boma, ndipo ndikudziwa kuti alamu udzawagwira mtima. Uwauze agule mabatire, aitane anthu.

Ngati mtedza mwafukula, kathumba kamodzi sikangakusaukitseni.

Ine mlongo wako,
Fulansisi


Chipangali
18 Meyi 2025

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu tinalandira. Ife tili bwino, kungoti wamng'onoyu anali ndi chifuwa, koma pano akusewera. Mtedza wanu ndi umenewo. Muone kuti ndi wosenda kale, ndiye musadzanene kuti mlongo wanu ndi woumira. Inunso mukapeza kangachepe mutikumbukire, sopo watha.

Achimwene, mwayatsa moto m'nyumba muno. Alamu anu chimvereni za wailesi sakhala pansi. Agula mabatire atsopano, wailesi aipukuta ndi kansalu konyowa ngati ikupita kuukwati. Lero atalengeza kutchalitchi kuti mphakati wathu wonse ubwere kwathu Loweruka, anthu anaomba m'manja. Mabenchi abwereka kale.

Chimene chandidabwitsa n'chakuti apita okha kukaitana a Sankhani ndi anzawo ena aja. Paja mukukumbuka chaka chija alimi anasonkhana pashedi yogulitsira thonje kukana mtengo wake, apolisi n'kudzawatenga chifukwa msonkhanowo unalibe chilolezo. Chitulukireni m'chitolokosi muja, alamu anu nkhani imeneyi saitchula, ngakhale kwa ine. Koma dzulo tikutola thonje anangoti, "Zimene ndinalephera kunena ine, mwana wanga akanena pawailesi." Ndinayang'ana kumbali kuti asaone misozi.

Mumuuze Loveness asathamange poyankhula, ndipo atchule dzina la atate ake bwinobwino.

Ine mlongo wanu,
Yosefina


Chipangali
25 Meyi 2025

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli bwino. Mwatichita chiyani?

Dzulo pabwalo pathu panadzaza. Ndinaphika thobwa ndowa yathunthu. Alamu anu anavala jekete ya ku Misa, wailesi anaiika pampando pakati pa anthu, iwo n'kukhala pambali pake. Atamva kuti, "Dzina langa ndine Loveness Miti wa ku Chipangali," amayi analuluta mpaka nkhuku zinathawa.

Kenako mwana wathu anayamba. Akuti boma liyenera kukhala ndi mphamvu yoletsa misonkhano. Poyamba ndimayesa akunena mawu a anthu ena kuti awagwetse pambuyo pake. Ndinadikira, sanawagwetse. Anapitiriza, mawu ake osanjenjemera n'komwe. Ndiye anati, "Munthu woitanitsa khamu osadziwitsa apolisi ali ngati woyatsa tchire mu Okutobala n'kumati ine ndimangofuna mbewa. Boma likamugwira silinamulakwire, lateteza nkhokwe za anzake." M'wailesimo anthu anaomba m'manja. Pabwalo pathu panalibe woomba.

A Sankhani ndiwo anayamba. Anati, "A Miti, ndiye kuti ife tsiku lija tinkasaka mbewa?" Ena anaseka, ena anaweramitsa mitu. Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Akudya za boma ameneyu, amalume ake amulowetsa chipani." Alamu anu wailesi sanaizimitse. Anavula jekete, anaipinda, n'kutenga thumba kupita kumunda wa thonje, alendo ali pomwepo ndi makapu m'manja. Anabwerako dzuwa litalowa. Lero ku Misa sanapite, ndipo inu mukuwadziwa kuti ngakhale malungo sawaletsa.

Mawu amene anena ndi awa okha: akagulitsa thonje abwera kudzamutenga mwanayo, sukulu yophunzitsa mwana kutukwana atate ake yakwana. Ndayesa kuwanyengerera, sakumva.

Achimwene, ndiuzeni zoona. Kodi alipo wakupatsani ndalama? Kodi mwalowadi chipani? Ngati munali ndi mangawa ndi alamu anu mukananena, osati kuwaitanitsa mudzi kuti adzavulidwe pagulu. Nkhuyu zodya mwana zapota akulu kuno. Ine ndili pakati, uku mlongo, uku mwamuna, ndipo amene ataye sukulu ndi mwana wanga.

Yosefina


Kapata, Chipata
27 Meyi 2025

Mlongo wanga Yosefina,

Moni nonse. Mtedza unafika, zikomo, ngakhale kathumbako kanali kamanyazi.

Mwamva? Ndikufunsa, mwamva? Tapambana! Oweruza onse atatu anagwirizana kuti woyankhula bwino koposa ndi Loveness. Fanizo la mbewa lija, usaganize kuti ndinamupatsa ndine. Analipeka yekha pomwepo, ine mpaka ndinadzimenya pantchafu. Ahedi, amene chaka chonse amati dibeti ndi phokoso, dzulo pa asembule amayenda ngati anabereka ndiwo.

Ndimayembekezera kuti Loweruka lomwelo ukwera pachulu n'kundiimbira. Foni yanga ndinagona nayo pamtsamiro, osalira. Kapena chisangalalo chinakulepheretsani kukwera? Undiuze alamu anati chiyani. Ndikuwaona m'maganizo akuzungulira mudzi ndi wailesi kukhwapa.

Tsopano tikupita kumpikisano wa chigawo chonse cha Kum'mawa pa 26 Julayi, udzamvekanso pawailesi, mutu ndi womwewo. Nsapato za mwanayu zayamba kuseka kutsogolo. Thonje likagulidwa alamu aganizirepo.

Ine wonyada,
Fulansisi


Kapata, Chipata
9 Juni 2025

Okondedwa alamu a Matiyasi,

Ndikupereka moni mwaulemu, ndi manyazi omwe. Kalata ya mlongo wanga yandipeza dzulo. Lole ya Jairos inafera panjira, kalatayo n'kugona m'menemo masabata awiri, pamene yanga yodzitama ija inakufikani msanga kudzera kwa kondakitala wa basi. Ndikaganiza kuti munaiwerenga muli m'chisoni, ndimafuna pansi patang'ambika ndilowe.

Alamu, chipani sindinalowe, ndipo palibe wandipatsa ngakhale ngwee. Ndilongosole mmene timachitira. Pamtsutso pamakhala mbali ziwiri, ovomereza ndi otsutsa, ndipo ana sasankha okha. Timalemba timapepala tiwiri, timatiika m'chipewa, mtsogoleri wa gulu amapisa dzanja. Chimene watola ndicho amayankhulira, afune asafune. Tsiku lija Loveness anatola mbali ya boma patangotsala pang'ono kuti tilowe mu situdiyo. Akanatola kapepala kenako, bwenzi pano mukumunyamula pamapewa. Ine zimenezi ndinazizolowera kwambiri moti sindinaganize kuti kumudzi simuzidziwa. Ndinakuitanitsani anthu osakuchenjezani. Kulakwa kumeneko n'kwanga, osati kwa mwana, ndipo ndikupepesa.

Koma pa kaphunzitsidweko sindipepesa. Ndakhala m'kalasi zaka zambiri, ndipo ndaona kuti mwana wodziwa mbali yake yokha amangokuwa. Akakumana ndi munthu wa boma wodziwa kuyankhula, amagwa ndi funso limodzi. Ndimafuna ana anga adziwe chifukwa chake boma limafuna mphamvu, achidziwe bwino kuposa a boma eni ake, kuti tsiku limene mphamvuzo zapyola malire adzathe kuloza pamene zapyolera. Ndiponso nthawi zina boma limakhoza, ndipo mwana ayenera kutha kuvomereza zimenezo osamva ngati wagulidwa.

Loveness ndamuuza zonse. Chakudya chamukanika, iye amene uja. Chonde alamu, mkwiyo wanu ugwere ine. Mwanayu watsala ndi chaka chimodzi ndi theka kuti alembe mayeso.

Ine mlamu wanu,
Fulansisi Sakala


Chipangali
15 Juni 2025

Alamu,

Moni. Ife tilipo. Kalata yanu ndawerenga kawiri. Za chipani ndamva, ndipo ndakhulupirira. Koma mwandichotsa munga n'kundibaya ndi msomali.

Poyamba ndimati mwana wanga wasokonezeka maganizo. Tsopano mukundiuza kuti maganizo alibe, amangotola m'chipewa. Lero kapepala kati boma, iye boma. Mawa kapepala kati anthu, iye anthu. Nanga tsiku limene kapepala kadzati gulitsa amako? Ife tinaphunzira pa katekisimu kuti inde akhale inde, iyayi akhale iyayi. Kunama ndi kunama, ngakhale kutuluke m'chipewa cha aphunzitsi.

Ndiponso alamu, ine si mwana. Munthu wongobwereka mawu amamveka. Mwana uja sanabwereke. Ndinamulera ndine, ndimadziwa mawu ake akamanena za pansi pa mtima. Mbewa zija zinachokera m'kati.

Inu mumakangana za chitolokosi muli pampando, belu likalira mukamwa tiyi. Ine ndinagonamo. Sindinabe, sindinamenye munthu. Ndinangoima pagulu n'kunena kuti mtengo uwu sukubweza ngakhale mankhwala opopera. Lero ndikadutsa pagolosale anyamata amalira ngati mbewa. Dzina landikanirira.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno mwini mbumba ndinu, ndipo mwanayo mwamusunga bwino, sindinamvepo kuti wagona ndi njala. Pa zimenezo Mulungu akudalitseni. Koma ndi mwana wanganso. Kuli bwino adzalime nane ali ndi lilime limodzi kusiyana n'kuti akhale loya wa malilime awiri. Thonje tikugulitsa kumapeto kwa mwezi. Mumuuze alongedze.

Matiyasi Miti


Kapata, Chipata
22 Juni 2025

Okondedwa atate,

Ndagwada pansi kukupatsani moni, inu ndi amama ndi azing'ono anga. Ine thupi lili bwino. Amalume andiwerengera kalata yanu. Sanafune, ndinawakakamiza.

Atate, pa mbewa paja ndinalakwa. Ndinkafuna anthu aseke kuti tipeze mapointi, ndipo sindinaganize za amene angasekedwe. Ndikhululukireni. Ndikanatha kukalowa m'wailesimo n'kuwabweza mawu amenewo ndikanatero.

Koma mwanena zoona kuti zinazo sindinabwereke. Amalume amafuna ndikulembereni kuti zonse zinali za kapepala, kuti mtima wanu ugwe. Ndakana, chifukwa kumeneko ndiye kukanakhala kunama kumene mukukunenako.

Tsiku lija la pashedi ine ndinalipo. Mwina munaiwala, ndinali giredi fili. Amama anandituma kuti ndikupatsireni mbatata yophika. Anthu anali ambiri kutsogolo, ndiye ndinazungulira kuseri kwa shedi. Kumeneko ndinapeza anyamata atatu ali ndi chigubu, fungo la petulo lili guu. Mmodzi anandiuza kuti thawa iwe. M'kati mwa shedi munali mayi uja ankalemba masikelo, atadzitsekera, ndipo mwana wake ankalira kumsana. Kutsogolo ndinkamva mawu anu mukunena za mtengo, anthu akuvomera. Inu simunkadziwa za kuseriko. Ine ndi mantha ndinalephera kubwera kudzakuuzani.

Galimoto ya apolisi itatulukira, atate, ine ndinasangalala. Anyamata aja anataya chigubu n'kuthawira m'chimanga. Ndinati Mulungu wamva. Kenako ndinaona amene akukwezedwa m'galimotomo ndinu.

Tsiku limene tinabwera ndi amama kudzakuonani, munatuluka opanda nsapato, mutagwira buluku ndi dzanja chifukwa lamba anakulandani. Munandiona n'kuyang'ana kukhoma. Chiyambire pamenepo zinthu ziwirizi zimakhala mumtima mwanga, kulira kwa mwana uja ndi dzanja lanu pabuluku, ndipo sizigwirizana. Ndinalibe woti ndimuuze. Kunyumba nkhaniyi siitchulidwa. Malo oyamba amene ndinapeza kuti munthu angathe kunena zonse ziwiri osamenyedwa ndi m'kalasi mwa amalume.

Kapepala kakanati otsutsa, ndikananena za lamba wanu, ndipo sindikananama. Kanati ovomereza, ndinayankhula ndikukumbukira chigubu, ndipo sindinaname. Malilime awiri ndilibe, atate. Ndili ndi maso awiri, ndipo tsiku lija anaona zosiyana.

Mukabwera kudzanditenga sindikana, ndinu atate anga. Koma ndikupempha, ndisiyeni ndimalize. Sukulu ndimaikonda kwambiri.

Ine mwana wanu,
Loveness


Chipangali
29 Juni 2025

Achimwene,

Moni. Ndikulemba mothamanga, Jairos waimika lole panja ndipo akuliza hutala ngati wanyamula wodwala.

Kalata ya Loveness inafika. Alamu anu anakaiwerengera kudimba, anakhalako mpaka ndinatuma mwana kukawaitana. Atabwera anandifunsa funso limodzi, "Iwe, tsiku lija unamutumadi mwana kushedi?" Ndinati inde. Kalatayo sanandionetse, ili m'thumba la malaya, amayenda nayo. Analembamo chiyani mwanayu? Ngati anawonjezera mwano mundiuze ndidziwiretu.

Thonje tagulitsa, mtengo wake musafunse. Iwo akubwera Lachinayi. Atenga thumba la feteleza lochapa bwino loti adzaikemo katundu wa mwana. Ine ndalira, ndatchula ndi azibambo a kuparishi omwe, sizinathandize.

Chonde achimwene, akafika musawalandire ndi Chingerezi chanu chija ndi mfundo yoyamba, mfundo yachiwiri. Muwapatse mpando ndi madzi, muwasiye ayankhule. Munthuyu si woipa, wavulala.

Mlongo wanu,
Yosefina


Kapata, Chipata
4 Julayi 2025

Mlongo wanga,

Moni. Pofika kalatayi alamu akhala atafika kale, ndipo ndikudziwa kuti sakuuza kanthu, ndiye ndikuuze ndine.

Anafika dzulo masana, osati kunyumba koma kusukulu, thumba lawo lopindidwa kukhwapa. Anatipeza tili m'kalasi ndi ana a dibeti tikukonzekera za pa 26. Ndinakumbukira malangizo ako. Ndinawapatsa mpando kumbuyo, ndinatuma mwana madzi, ndinati alamu tangotsala pang'ono. Pakamwa panga ndinatseka, ndipo ukudziwa kuti kwa ine imeneyo ndi ntchito yaikulu.

Loveness anali mbali ya boma, pakuti pokonzekera timasinthanasinthana. Mbali ya ufulu inali ndi mnyamata wina dzina lake Jonah, wanzeru ndithu koma woyankhula ngati akuwerenga chikwangwani. Anati malamulo a dziko amapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana, anabwereza, anabwerezanso. Ndinaona alamu akusuntha pampando. Jonah atati munthu amangopita kupolisi n'kukadziwitsa basi, alamu anaimirira. "Iwe mwana, unapitako?" Kalasi yonse inatembenuka.

Ndinati alamu, pano woyankhula amabwera kutsogolo. Ndimayesa akana. Anabwera, thumba lili kukhwapa. Yosefina, ine mwamuna wako ndamudziwa zaka zonsezi ngati munthu wa mawu awiri, moni ndi tsalani. Dzulo ndinamumva. Anati iwo kudziwitsa anakadziwitsa, anauzidwa kuti mubwere sabata yamawa, sabata yamawa n'kuuzidwanso chimodzimodzi, pamene malole a ogula thonje sadikira sabata yamawa. Anati mlimi mmodzi akakana mtengo amamuseka, alimi akakana pamodzi amawamvera, ndiye woletsa alimi kukumana wawaikira kale mtengo. Mtsikana wosunga nthawi anagogoda padesiki kuti nthawi yatha, iwo anati, "Pepani amayi," n'kukhala pansi. Ana anaomba m'manja osauzidwa.

Tsono inali nthawi ya Loveness kuyankha. Ndinamupatsa diso kuti akhoza kukhala, wina ayankhe. Anaimirira. Anayamba wapinda maondo kwa atate ake monga mwa ulemu, kenako anawongoka. Anavomera kuti kuzengereza kuja kunali kulakwa. Ndiye anafunsa, "Koma apolisi akanapanda kubwera tsiku lija, ndani akanaletsa anyamata a petulo aja? Mayi uja ndi mwana wake, ufulu wawo unali m'manja mwa yani?"

Alamu anati, "Mwana safunsa atate ake choncho." Mwana wako misozi ili mbwembwembwe anayankha motsitsa mawu, "Atate, muno timayankha funso, sitiyankha munthu. Tikatuluka panja mukandikalipire, ndikagwada." Alamu anatola chipewa chawo n'kutuluka.

Kunyumba tinakhala pa chakudya. Loveness anawabweretsera madzi osamba m'manja atagwada, analandira. Ine ndinayesa kuyambitsa nkhani ya mvula, inafera pomwepo. M'mawa uno alawira kukakwera basi. Kwa ine angoti zikomo chifukwa cha malo ogona. Za mwana sananene kuti atsale, sananenenso kuti alongedze. Thumba lija lili kuseri kwa chitseko, sindikudziwa ngati aliiwala kapena alisiya kuti adzalipeze lodzaza.

Mlongo wanga, ndili ndi mantha. Sindikudziwa ngati ndakonza kapena ndaonongeratu. Loveness wapita kusukulu maso ali otupa. Ukaona mmene zilili kumeneko, kwera pachulu, ngakhale mudzi wonse umve.

Fulansisi


Chipangali
13 Julayi 2025

Mwana wanga Loveness,

Moni. Amako ali bwino, azing'ono ako ali bwino. Ine ndili bwino, kungoti amako akuti ndayamba kuyankhula ndekha kumunda. Sindiyankhula ndekha, ndimayankhula ndi iwe.

Funso lako lija ndayenda nalo masiku onsewa. Unafunsa kuti ndani akanaletsa anyamata a petulo. Ndinafuna kunena kuti ife akuluakulu tikanawaletsa. Koma ife tinali kutsogolo, sitinkadziwa. Ndinapita kwa a Sankhani kukawafunsa. Anati za chigubu anazimva pambuyo pake, ndipo mmodzi wa anyamatawo anali mwana wa mlongo wawo. Choncho yankho ndilibe. Mwina palibe akanawaletsa. Pamenepo wandigwetsa, ndavomera. Ndinalakwanso kukuyankha ndi ukulu pamene unandifunsa ndi nzeru.

Koma usafulumire kuvina, ndili ndi langa. Amene ananyamula petulo anathawira m'chimanga, amene ananyamula mawu ndiye anakwera galimoto. Chimenecho n'chimodzi. Chachiwiri ndi ichi, ndipo uchiganizire bwino. Iwe ukuti boma likhale ndi mphamvu yoletsa msonkhano ukaoneka woopsa. Chabwino. Woona kuti uwu ndi woopsa, uwu si woopsa, ndi munthu, ndipo munthu amalakwitsa, nthawi zina amakondera. Tsono akalakwitsa, ife tikadandaule bwanji, popeza kukumana kuti tidandaule ndi kumene waletsako? Ndawafunsa a Sankhani, alephera. Ndawafunsa akatekisiti, akuti abwera nalo Lamulungu. Ndikufuna ndimve iwe.

Za mbewa ndakhululuka. Anyamata a pagolosale atopa okha.

Amako akupatsira ndalama ya nsapato, ugule zolimba, osati zokongola. Pa 26 ukapise dzanja m'chipewamo. Ukatola mbali ya anthu, mfundo zangazi utenge, ndakupatsa ulere. Ukatolanso ya boma, uyankhule mwamphamvu monga paja, usachite manyazi chifukwa cha ine. Ndidzamvetsera, ndipo a Sankhani akuti abwera ndi mpando wawo.

Uwauze amalume ako kuti nkhani ya chipewa sindinagwirizane nayobe, tidzakambirana pa Khirisimasi. Iwe khala komweko, umalize sukulu.

Yankho lako ndikulidikira. Usalifewetse chifukwa choti ndine atate ako. Ukatero ndidzadziwa, ndipo pamenepo ndiye ndidzabweradi kudzakutenga.

Ine atate ako,
Matiyasi Miti